Kulosera ma mutation olimbitsa puloteni poyerekeza ndi abale ake

Puloteni yosalimba imavutitsa paliponse. Mukaipanga mu E. coli imatuluka yochepa kapena imaundana m'maselo momwemo. Mukaisunga mufiriji imachita mbuu mu chubu pakangopita masiku ochepa. Mukafuna kuisintha kuti igwire ntchito yatsopano, kusintha kwachiwiri kapena kwachitatu kumaigwetseratu. Gwero lake ndi lakuti mapuloteni ambiri achilengedwe ndi olimba pang'ono chabe: kusiyana kwa mphamvu pakati pa puloteni yopindika bwino ndi yofunyuluka kumangokhala pakati pa 5 ndi 15 kcal/mol. Chamoyo sichisowa puloteni yolimba kwadzaoneni, chimangosowa yolimba mokwanira kugwira ntchito yake.

Mukasintha ma amino acid mwachisawawa, ma mutation ambiri amafooketsa puloteni kapena sasintha kanthu, ndipo olimbitsa ndi osowa zedi. Njira ya consensus imafupikitsa kusakako. Mumasonkhanitsa ma sequence (mindandanda ya ma amino acid) a mapuloteni a banja limodzi ndi yanuyo, mumawandandalika kuti malo ofanana ayang'anizane (imeneyi ndiyo alignment), kenako mumafufuza malo omwe abale ambiri ali ndi amino acid imodzimodzi pomwe puloteni yanu ili ndi ina. Pamalo oterowo mumaikapo ija ya abale ambiri, yomwe imatchedwa ya consensus.

Zimatheka chifukwa nthambi iliyonse ya banja, m'mibadwo yambirimbiri, imatola ma mutation ofooketsa pang'ono omwe saipha, koma nthambi iliyonse imafooka pamalo akeake. Choncho mukayang'ana malo amodzi m'banja lonse, ambiri amakhala adakali ndi amino acid yoyenera pamenepo, opatuka ndi ochepa. Boris Steipe ndi anzake adaonetsa izi mu 1994 pa chigawo cha antibody: mwa ma mutation 10 omwe adalosera pongowerenga ma sequence, 6 adalimbitsadi puloteni. Mu 2000 Martin Lehmann ndi anzake adapanga phytase ya consensus kuchokera ku ma sequence 13 a mafangayi, ndipo inkafunyuluka pa 78 °C, madigiri 15 mpaka 22 kuposa ma phytase omwe idachokerako. Atawonjezera ma sequence ndi kukonzanso malo ena adafika pa 90 °C.

Kawirikawiri pafupifupi theka la ma mutation a consensus limalimbitsa puloteni, ndipo ambiri mwa otsalawo amaifooketsa. Theka ndi lambiri ndithu poyerekeza ndi kusintha mwachisawawa, komabe ntchito yaikulu m'malangizowa ndi yochotsa theka loipalo musanawononge nthawi ndi mankhwala mulabotale.

1. Konzani sequence yanu ndi manambala ake

Tengani sequence ya puloteni yanu ku nkhokwe ya mapuloteni ya UniProt. Dulani signal peptide, propeptide, His-tag ndi china chilichonse chomwe sichili m'puloteni yokhwima. Ngati ili ndi ma domain angapo (zigawo zopindika pazokha), gwirani domain imodzi nthawi imodzi, chifukwa iliyonse ili ndi abale ake ndipo kuchuluka kwawo kumasiyana.

Musanapitirire, pangani tebulo lolumikiza manambala atatu: nambala ya malo mu UniProt, nambala yake mu fayilo ya PDB (nkhokwe ya maonekedwe a 3D a mapuloteni), ndi nambala yake mu jini yomwe ili mu plasmid yanu. Manambalawa nthawi zambiri sagwirizana, makamaka pamene signal peptide yadulidwa kapena methionine yoyamba sinawerengedwe. Kusocheretsedwa ndi manambala kumachititsa munthu kusintha malo olakwika, ndipo amazindikira patapita milungu. Mabanja ena ali ndi kawerengedwe kawokawo, monga ka Ambler pa ma beta-lactamase a gulu A ndi ka Kabat pa ma antibody.

2. Sonkhanitsani abale

Fufuzani mu UniRef90 pogwiritsa ntchito jackhmmer, PSI-BLAST kapena MMseqs2. Yambani ndi E-value ya 1e-4 ndipo musapitirire maulendo 2 kapena 3. Ulendo uliwonse wowonjezera umakoka abale akutali, ndipo sequence imodzi yachilendo ikalowa, ulendo wotsatira imaitana banja lake lonse.

Zomwe mwapeza zisefeni motere:

- Sungani okhawo ofanana ndi puloteni yanu pa 30 mpaka 90 peresenti. Pansi pa 30 alignment siidalirika ndipo kapindidwe kangakhale kosiyana m'madera ena. Pamwamba pa 90 simuphunzirapo chatsopano.
- Sungani okhawo omwe akufikira 75 peresenti ya kutalika kwa puloteni yanu kapena kuposa apo. Zidutswa zimadzaza alignment ndi mipata.
- Tayani ma sequence okhala ndi chilembo X chambiri, ndi omwe ndi aatali mopitirira poyerekeza ndi anzawo.
- Tayani ma sequence opangidwa ndi anthu mulabotale. Ngati puloteni yanu ndi yotchuka, nkhokwe zimakhala ndi ma mutant ake ambiri, ndipo amakoka chiwerengero kubwerera kwa iyo yomwe.

Pali funso lomwe kompyuta singakuyankhireni: kodi abalewa amagwira ntchito yomwe yanu imagwira? Banja limodzi limatha kukhala ndi ma enzyme ogaya zinthu zosiyana, kapena ena oyenda okha pomwe ena amaphatikana awiriawiri. Mukawasakaniza, consensus imakupatsani amino acid ya gulu lomwe lachuluka, ngakhale siikwanira m'puloteni yanu. Yang'anani malo a ma amino acid ogwira ntchito yeniyeni ya enzyme, ndipo sequence yomwe ilibe ma amino acid amenewo ichotseni. Pa malire a kufanana, yeserani kawiri kapena katatu, monga 30, 40 ndi 50 peresenti. Mutation yomwe ikutuluka pa malire onse ndi yodalirika kuposa yomwe ikuoneka pa amodzi okha.

3. Chepetsani kukondera

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Nkhokwe za ma sequence sizikuimira chilengedwe mofanana. Mabakiteriya oyambitsa matenda ndi zamoyo zomwe akatswiri amakonda kufufuza zidawerengedwa kambirimbiri, pomwe nthambi zina zili ndi sequence imodzi kapena ziwiri. Mukangowerenga osalabadira zimenezi, chomwe mupeze si consensus ya banja koma sequence ya mtundu umodzi wochulukawo.

Njira yachidule ndi CD-HIT: ikani malire a 90 peresenti kuti pa gulu lililonse la ofanana patsale m'modzi. Njira yabwinopo ndi yopatsa sequence iliyonse kulemera kwake. Pa sequence iliyonse werengani kuti ndi angati, kuphatikiza iyo yomwe, omwe akufanana nayo pa 80 peresenti kapena kuposa. Ngati ndi n, kulemera kwake ndi 1/n. Ma sequence 300 ongofanana onse pamodzi amalemera ngati imodzi. Mukaphatikiza kulemera kwa onse mumapeza Neff, chiwerengero chenicheni cha ma sequence osiyana omwe muli nawo. Muli ndi 5,000 koma Neff ndi 40? Ndiye kuti muli ndi 40. Njira ya Henikoff ya mu 1994, yomwe imapereka kulemera potengera kusowa kwa amino acid pamalo aliwonse, imagwiranso bwino.

Neff ya mazana angapo ndi yabwino. Phytase ija idatheka ndi ma sequence 13 okha, choncho ochepa sikuti ndi opanda ntchito, koma ndi ochepa otero kusiyana kwa sequence imodzi kumasuntha chiwerengero ndi mapelesenti angapo, ndipo mudzafunika kudalira kwambiri maonekedwe a puloteni posefa.

Jambulaninso mtengo wa ubale, ngakhale wachangu ndi FastTree. Ngati nthambi imodzi ikadali yoposa theka la mtengo wonse, werengani consensus ya nthambi iliyonse payokha ndipo muone malo omwe nthambi zikugwirizana.

4. Pangani alignment, ndipo muiyang'ane ndi maso

Pa ma sequence osaposa mazana ochepa, MAFFT ya L-INS-i imapereka alignment yolondola. Akachuluka kufika masauzande, gwiritsani ntchito MAFFT yachangu, Clustal Omega, kapena hmmalign pa HMM ya banjalo. Mukatha chotsani mizere yotsika yonse yomwe puloteni yanu ili ndi mpata, kuti mzere wotsika uliwonse uimire malo amodzi enieni a puloteni yanu.

Itsegulani mu Jalview. Ma helix ndi ma strand ayenera kuoneka ngati zigawo zoyera zopanda mipata yambiri. Ma loop ndi nsonga ziwiri za puloteni zimaoneka zong'ambikang'ambika, ndipo m'madera amenewo pulogalamu imangokankhira ma amino acid pomwe papezeka malo. Mzere wotsika uliwonse wokhala ndi mipata yoposa 30 peresenti musaukhulupirire, pamodzi ndi malo awiri oyandikana nawo mbali zonse. Mphindi 20 zoyang'ana alignment ndi maso zimapindula kuposa pulogalamu ina iliyonse yomwe mudzagwiritse ntchito kutsogoloku.

5. Werengani kuchuluka kwa amino acid iliyonse

Pamalo aliwonse phatikizani kulemera kwa ma sequence okhala ndi amino acid iliyonse mwa 20 zija, n'kugawa ndi kulemera kwa onse omwe alibe mpata pamenepo. Onjezerani pseudocount yaing'ono kuti pasapezeke 0, chifukwa logarithm ya 0 siiwerengeka: f = (n + λq) / (N + λ), pomwe n ndi kulemera kwa amino acid imeneyo, N ndi kulemera konse, q ndi kuchuluka kwa amino acid imeneyo m'mapuloteni onse, ndipo λ ikhale pakati pa 1 ndi 5.

Malire oyambira posankha malo ndi awa. Tengani malo omwe amino acid ya consensus ili ndi 50 peresenti kapena kuposa pomwe yanu ndi ina. Tenganinso malo omwe consensus ili ndi 40 peresenti koma ikuposa yanu kasanu kapena kuposa apo. Malo omwe consensus ili ndi 30 peresenti ndipo yanu ili ndi 25 asiyeni. Banjalo silinagwirizane chilichonse pamenepo.

Kuti musanje omwe mwasankha, gwiritsani ntchito ΔΔG ≈ RT ln(f₁/f₂), pomwe ΔΔG ndi phindu la kulimba lomwe mutation ingabweretse, f₁ ndi f ya consensus, f₂ ndi ya amino acid yanu, ndipo RT pa 25 °C ndi 0.593 kcal/mol. Tiyerekeze kuti pamalo 87 puloteni yanu ili ndi glutamine, yomwe ili mu 6 peresenti ya banja, pomwe leucine ili mu 62 peresenti. Kugawa 0.62 ndi 0.06 kukupereka 10.3, logarithm yake ndi 2.33, ndipo kuchulukitsa ndi 0.593 kukupereka pafupifupi 1.4 kcal/mol. Nambala imeneyi musaitenge ngati yomwe mudzayeze mulabotale. Ntchito yake ndi yongoonetsa kuti Q87L ibwere patsogolo pa mutation ina yomwe yapeza 0.5.

Werenganinso relative entropy ya malo aliwonse, D = Σ p ln(p/q), pomwe p ndi kuchuluka kwa amino acid pamalopo (f ija), chifukwa 40 peresenti siilemera mofanana pa amino acid zonse. Leucine imapezeka pafupifupi 10 peresenti m'mapuloteni onse, pomwe tryptophan imangopitirira pang'ono 1 peresenti. Leucine ya 40 peresenti imawonjezera 0.56 ku D, koma tryptophan ya 40 peresenti imawonjezera 1.44. Yachiwiriyi ndi umboni wamphamvu wakuti pali chomwe chikuisunga pamenepo. Ma mutation a pamalo okhala ndi D yokwera amalimbitsa kawirikawiri kuposa a pamalo osinthasintha.

Pa puloteni ya ma amino acid 300, sitepe imeneyi ingakusiyireni malo 20 mpaka 40, malinga ndi kutalikirana kwake ndi pakati pa banja.

6. Sefani poyang'ana maonekedwe a puloteni

Alignment imakuuzani kuti amino acid yasungidwa, siikuuzani chifukwa chake. Ina yasungidwa chifukwa imalimbitsa, ina chifukwa imagwira substrate, ina chifukwa imakhudzana ndi puloteni inzake m'selo. Zosungidwa chifukwa cha ntchito nthawi zambiri sizilimbitsa n'komwe. Brian Shoichet ndi anzake adaonetsa mu 1995 pa lysozyme ya T4 kuti kusintha ma amino acid a pamalo ogwirira ntchito kumatha kulimbitsa puloteni kwinaku kukuipha ntchito. Choncho kusungidwa ndi kulimbitsa si chinthu chimodzi, ndipo chokuthandizani kuzisiyanitsa ndi maonekedwe a 3D.

Tengani structure ku PDB, kapena model ya AlphaFold ngati palibe. Pa model, madera okhala ndi pLDDT (muyeso wa kudalirika kwa model) yochepera 70 musawadalire. Tsegulani mu PyMOL kapena ChimeraX, pakani utoto malo onse omwe mwasankha, ndipo muyende nawo amodziamodzi.

Chotsani malo onse omwe ali mkati mwa 6 Å kuchokera pa substrate, cofactor, ayoni ya chitsulo kapena amino acid yogwira ntchito. Ngati ntchito ya enzyme ndi yofunika kwambiri kwa inu, kulitsani mpaka 8 Å. Puloteni yanu ikasiyana ndi abale ake pafupi ndi pogwirira ntchito, nthawi zambiri kusiyanako ndi komwe kumaipatsa ntchito yakeyake yomwe mukuifunira.

Chotsani malo a pomwe ma subunit amakhudzana, pokhapokha mutatsimikiza kuti abale onse amaphatikana mofanana. Amino acid yodana ndi madzi yomwe mwa abale imabisika pakati pa ma subunit awiri, mwa yanu yoyenda yokha imakhala poyera ndipo imayambitsa kuundana.

Werengani kuonekera kwa malo aliwonse ndi DSSP kapena FreeSASA. Malo oonekera osafika 20 peresenti ndi obisika mkati. Mkatimo ma amino acid athinana kale, moti kuika yaikulu pomwe panali yaing'ono kumafuna kuti ina yoyandikana ichepe. Ngati consensus ikuti alanine ikhale phenylalanine, yang'anani oyandikana nayo mkati mwa 5 Å: mwa abale okhala ndi phenylalanine, kodi woyandikana uja ndi wamng'ono kuposa wanu? Ngati ndi choncho, sinthani onse awiri pamodzi kapena musiye onse. Koma ngati structure ikuonetsa chibowo chopanda kanthu pamenepo, valine kukhala isoleucine ndi mutation yabwino kwambiri.

Glycine ndi proline ziyang'anireni mwapadera. Glycine yokhala ndi ngodya ya phi (ngodya ya kapindidwe ka msana wa puloteni) yoposa 0 musaisinthe, kupatula mwina kukhala asparagine kapena aspartate, chifukwa ma amino acid ena savomera kupindika kotero. Komanso ngati puloteni yanu ili ndi amino acid ina pamalo a phi yoposa 0 ndipo consensus ikuti glycine, imeneyo itengeni msanga. Proline imafuna phi ya pafupi ndi −65°, ndipo ilibe haidrojeni pa nayitrojeni ya msana wa puloteni, choncho siikwanira pakati pa helix kapena strand. M'ma loop ndi kumayambiriro kwa helix imalimbitsa bwino chifukwa imachepetsa ufulu wa tcheni chofunyuluka. Ena omwe amapindula kawirikawiri ndi serine, threonine kapena aspartate pa N-cap ya helix (malo oyambira helix), ndiponso alanine kulowa m'malo mwa glycine pakati pa helix.

Onaninso zomwe mutation ikubweretsa mwangozi. Cysteine yatsopano yoonekera kunja imalumikiza mapuloteni awiri molakwika. Ngati mukupangira m'maselo a yisiti kapena a nyama, N-X-S kapena N-X-T yatsopano, pomwe X si proline, imaitana shuga pamalo pomwe simukumufuna. Asparagine yotsatizana ndi glycine imawonongeka msanga ikatenthedwa, moti mutation yochotsa NG imeneyo ili ndi phindu lowonjezera.

7. Chotsani malo oyendera limodzi

Consensus imaona malo aliwonse ngati oima paokha, chomwe si choona. Tiyerekeze kuti m'gulu lalikulu la banja muli lysine pamalo 45 ndi glutamate pamalo 112, zikukokana, ndipo m'gulu locheperako zasinthana: glutamate pa 45, lysine pa 112. Ngati puloteni yanu ili m'gulu locheperako, mukatsatira consensus n'kusintha malo 45 okha, mudzakhala ndi ma lysine awiri oyang'anizana, akukankhana.

Gulu la Thomas Magliery lidayeza izi mu 2012 pa triosephosphate isomerase ya yisiti. Atasankha malo osungidwa kwambiri n'kuchotsa omwe amasintha mogwirizana ndi malo ena, ma mutation olimbitsa adakwera kuchoka pa theka kufika pafupifupi 9 mwa 10. Phindu limeneli ndi lalikulu moti sitepe ino siyoyenera kuidumpha.

Ngati Neff ndi yaikulu, kangapo kuposa kutalika kwa puloteni, gwiritsani ntchito EVcouplings kapena GREMLIN, ndipo malo alionse omwe ali m'gulu la maubale amphamvu kwambiri achotseni kapena asinthidwe limodzi ndi anzawo. Ngati Neff ndi yaing'ono, chitani pamanja. Gawani alignment pawiri: okhala ndi amino acid ya consensus pamalo omwe mukuganizira, ndi okhala ndi yonga yanu. Yerekezani magulu awiriwa pamalo oyandikana mu 3D. Ngati woyandikana wina akusintha nthawi zonse pamodzi ndi malowo, ndiye kuti ndi oyendera limodzi.

8. Funsani mapulogalamu owerengera mphamvu

Pa FoldX yambani ndi RepairPDB, kenako BuildModel maulendo 5 pa mutation iliyonse ndipo mutenge avereji. Mu FoldX nambala yoposa 0 imatanthauza kufooketsa. Mapulogalamu ena amalemba mosemphanitsa, choncho tsimikizani musanawerenge zotsatira. Rosetta ili ndi cartesian_ddg yochita zomwezo. Mapulogalamuwa amaphonya ndi theka la kcal/mol kapena kuposa, pomwe ma mutation ambiri olimbitsa amapindula mlingo womwewo. Amadziwa bwino kuzindikira kuthinana koopsa kuposa kuzindikira phindu laling'ono. Ndiye agwiritseni ntchito pochotsa: chilichonse choposa +1 kcal/mol chitayeni, koma musasanjenso otsalawo potengera kusiyana kwa 0.2. Amakondanso kuyamikira ma amino acid odana ndi madzi oikidwa kunja, omwe amakweza Tm (kutentha komwe theka la puloteni limafunyuluka) koma n'kuchepetsa kusungunuka.

Pali ma server omwe amaphatikiza masitepe onsewa. PROSS, yochokera ku labotale ya Sarel Fleishman ku Weizmann Institute mu 2016, imalola ma amino acid okhawo opezeka m'banja, kenako Rosetta imasefa n'kuwaphatikiza. Pa acetylcholinesterase ya munthu idaika ma mutation 51, ndipo puloteniyo idatuluka mu E. coli yochuluka pafupifupi ka 2,000, ikupirira kutentha madigiri 20 kuposa yoyamba. FireProt ya ku Loschmidt Laboratories ku Brno imachita zofananako, ndipo ConSurf imajambula kusungidwa kwa malo pa structure. Ndi zida zabwino, koma zimadya alignment yomwe zapanga zokha, choncho tsitsani alignment imeneyo muiyang'ane monga mwa sitepe 4, ndipo muziuze malo oti zisakhudze. Ma model onga ESM amaperekanso chiwerengero cha mutation iliyonse. Chomwe amayeza ndi kufanana ndi mapuloteni achilengedwe, chomwe chimasakaniza kulimba ndi ntchito monga momwe consensus imachitira.

9. Yezani mulabotale, imodziimodzi poyamba

Sankhani ma mutation 8 mpaka 15 apamwamba. Pa site-directed mutagenesis ya mtundu wa QuikChange, ma primer akhale a ma nucleotide 25 mpaka 45, mutation ili pakati, ndipo mukatha PCR gayani plasmid yakale ndi DpnI. Sankhani codon yomwe chamoyo chopangiramo chimagwiritsa ntchito kawirikawiri. Werengani jini yonse pa sequencing, osati pamalo osinthidwa pokha.

Pangani ndi kuyeretsa ma mutant pamodzi ndi puloteni yoyamba, tsiku limodzi, mu buffer imodzi. Mchere, pH, glycerol ndi imidazole yotsalira zimasuntha Tm ndi madigiri angapo, zomwe zingabise kapena kunamiza phindu la mutation.

Muyeso wachangu wa Tm ndi DSF (differential scanning fluorimetry, yoona kuwala kwa utoto puloteni ikamafunyuluka) m'makina a qPCR: puloteni 2 mpaka 5 µM, SYPRO Orange pa 5×, 20 µl m'kabowo kalikonse, kutentha kukwere kuchoka pa 25 kufika pa 95 °C pa digiri imodzi pa mphindi, katatu pa mutant iliyonse. Ikani kabowo ka buffer ndi utoto wokha. Kusiyana kosafika digiri imodzi musakuwerengere. Kuwala kukakhala kokwera kale pa 25 °C, ndiye kuti puloteni yafunyuluka kale pang'ono, yaundana, kapena mu buffer muli detergent. N'chifukwa chake utotowu sugwira pa mapuloteni a mu membrane. Pamenepo gwiritsani ntchito utoto wa CPM kapena nanoDSF, yomwe imawerenga kuwala kwa tryptophan pa 330 ndi 350 nm. Pa puloteni ya ma helix ambiri, CD (circular dichroism) pa 222 nm imatsimikizira zomwe DSF yaonetsa.

Pa enzyme yezaninso T50: tenthetsani magawo osiyana pa madigiri osiyana kwa mphindi 10, ziziritsani pa ayezi, yezani ntchito yotsala, ndipo pezani kutentha komwe theka la ntchito latayika. Yezani kcat ndi Km (miyeso ya kagwiridwe ntchito ka enzyme) za mutant iliyonse yomwe mukufuna kusunga. Tm yokwera ndi madigiri 4 ilibe phindu ngati ntchito yatsika kakhumi.

Tm si ΔG, kusiyana kwa mphamvu kuja pakati pa puloteni yopindika ndi yofunyuluka. Mapuloteni ambiri akatenthedwa amaundana osabwereranso, ndipo Tm yawo imadalira liwiro lotenthetsera. Ngati mukufuna ΔΔG yeniyeni, funyululani ndi urea kapena guanidinium chloride pa 25 °C, mutatsimikiza kaye kuti puloteni imapindikanso mankhwalawo akachepetsedwa.

Musadabwe ngati mutation yabwino ikungopereka digiri imodzi kapena ziwiri. Mu puloteni ya ma domain awiri mungaone Tm yosasuntha ngakhale mutation ikulimbitsa, chifukwa domain yoyamba kufunyuluka ndi inayo. Mutation yotere isungeni. Phindu lake limaoneka domain yofookayo ikakonzedwa.

10. Phatikizani

Ma mutation otalikirana kuposa 10 Å nthawi zambiri phindu lawo limaphatikizana, ndipo umu ndi momwe madigiri amodziamodzi amafikira 10 kapena 15. Oyandikana angathandizane kapena kulimbana, choncho ayezeni awiriawiri kaye. Onjezerani 2 kapena 3 pa ulendo, mukuyeza Tm ndi ntchito nthawi iliyonse, kuti chikasokonekera mudziwe wolakwa.

Ngati kuyeretsa mutant iliyonse kuli kovuta, itanitsani majini opangidwa kale a mitundu 3 kapena 4: woyamba wokhala ndi ma mutation 5 odalirika kwambiri, wachiwiri 10, wachitatu 20. Mumafika msanga, koma simudziwa kuti ndi ati omwe akugwira ntchito, ndipo ofooketsa ochepa amabisala pakati pa olimbitsa.

Mukhozanso kupanga puloteni yonse ya consensus, malo onse kutengera banja. Mu 2019 gulu la Doug Barrick lidachita izi pa mabanja 6, kuphatikizapo SH3, dihydrofolate reductase ndi adenylate kinase, ndipo onse adapindika bwino, ambiri ali olimba kuposa abale awo achilengedwe. FN3con, yochokera ku ma sequence oposa 2,000 a fibronectin type III, ili ndi Tm yopitirira 100 °C, ndipo ma DARPin a gulu la Andreas Plückthun ku Zurich adachokera ku consensus ya ankyrin repeat. Njirayi ndi yoyenera mukamafuna chimango cholimba choti mumangepo zina. Ngati mukufuna kusunga ntchito yakeyake ya puloteni yanu, siikuyenerani, chifukwa chotulukacho si puloteni yanunso. Mukaisankha, chotsani mizere yotsika yokhala ndi mipata yoposa theka, ndipo onetsetsani kuti kutalika kwa loop iliyonse kukufanana ndi kwa m'bale weniweni wina m'banjamo, chifukwa loop yosokedwa kuchokera ku zidutswa za ma loop osiyana kutalika singatseke.

Abale akachepa

Mapuloteni ena, monga a mavairasi ena ndi opezeka mu nthambi imodzi yokha ya zamoyo, ali ndi abale ochepa kapena ongofanana kwambiri. Onjezerani kufufuza mu nkhokwe za metagenome monga MGnify ndi BFD, koma sefani zidutswa mwamphamvu chifukwa m'menemo ndi zambiri. Ngati Neff ikadali pansi pa 20, pangani mtengo wa ubale ndi IQ-TREE n'kuwerengera ma sequence a makolo akale a banjalo. Njira imeneyi imalabadira ubale wa nthambi, choncho nthambi yochuluka siiphimba zinazo. Pamalo pomwe kholo ndi consensus zikugwirizana ndipo puloteni yanu yokha ndiyo yapatuka, yambirani pamenepo, ndipo mutenge okhawo omwe posterior probability yawo yaposa 0.8.